Mnzanga akufuna kundigawira Ritalin mayeso akayandikira: ndimwe?

Wophunzira wina wa pa yunivesite watilembera kuti mnzake wogona naye chipinda chimodzi, amene adamupeza ndi ADHD (vuto lolephera kukhazikitsa maganizo pa chinthu chimodzi), akufuna kumugawira mapiritsi a Ritalin kuti azichezera kuwerenga. Akufunsa ngati angamuthandize, komanso ngati kulephera kwake kukhazikika pa buku sikukusonyeza kuti nayenso ali ndi vutoli.

Musamwe ayi. Ritalin ndi Concerta ndi mayina amalonda a methylphenidate, pomwe Adderall, mankhwala enanso a ADHD, ndi amphetamine. Onsewa amachulukitsa dopamine ndi norepinephrine, timadzi totumiza mauthenga muubongo. Kwa munthu wa ADHD amathandiza ndithu, maganizo amasiya kubalalika. Kwa amene alibe vutoli amangothamangitsa tulo n'kumupatsa mtima woti zikuyenda. Kafukufuku wofalitsidwa mu Science Advances mu 2023 adapeza kuti anthu opanda ADHD, atamwa mankhwala otere, ankalimbikira nthawi yaitali pa ntchito yovuta, koma mayankho awo ankatsika poyerekeza ndi tsiku limene adamwa piritsi lopanda mankhwala. Komanso zimene mwawerenga zimakhazikika m'mutu mukagona, ndiye mukachotsa tulo mwawerengera chabe.

Dokotala sangopereka piritsi. Amayamba wayeza BP ndi kugunda kwa mtima, n'kufunsa ngati pabanja panu wina adafapo mwadzidzidzi ndi matenda a mtima. Kenako amayambira pang'ono, mwina 5 mg kamodzi kapena kawiri pa tsiku, n'kumawonjezera mlungu ndi mlungu, nthawi zambiri osapyola 60 mg pa tsiku. Mlingo wa mnzanuyo adamukonzera iyeyo. Ritalin wamba amatha mphamvu pakadutsa maola atatu kapena anayi, pomwe Concerta amafika maola 12, choncho womwa madzulo sagona mpaka kucha. Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi kuphwanya piritsi lotulutsa mankhwala pang'onopang'ono, chifukwa mlingo wa tsiku lonse umalowa m'magazi nthawi imodzi. Kuphatikiza ndi mowa nakonso n'koopsa: simumva kuledzera, mumangomwabe. Zotsatira zina za mankhwalawa ndi kusafuna kudya, mtima kuthamanga, nkhawa, ndipo pa mlingo waukulu ena amayamba kuona kapena kumva zinthu zomwe palibe. Mankhwalawa amazolowereka, n'chifukwa chake ali m'gulu loyang'aniridwa mwamphamvu pa pangano la United Nations la 1971, ndipo m'mayiko ambiri kugawira mnzako ndi mlandu.

Za funso lachiwiri lija: ADHD siyamba mlungu wa mayeso. Madokotala amafuna zizindikiro zomwe zidayamba musanakwanitse zaka 12, zakhalapo miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ndipo zikuoneka m'malo osachepera awiri, monga kusukulu ndi kunyumba. Kusagona mokwanira, nkhawa, kukhumudwa kwambiri ndi chamba zimabalalitsanso maganizo chimodzimodzi. Kaonaneni ndi dokotala wa matenda a maganizo, mutatenga malipoti anu a kupulayimale ngati alipo, kapena wachibale amene adakuonani mukukula. Akakupezani ndi ADHD, kulinso atomoxetine, yemwe sali m'gulu lozolowereka, ngakhale nayenso amafuna kuyeza BP ndipo amatenga milungu ingapo kuti ayambe kugwira ntchito.