Galimoto yafooka mutasinthitsa timing belt? Yambani ndi mano a lamba

Achimwene, mwati galimoto yanu inkathamanga bwinobwino, koma chisinthitsireni timing belt ikukoka mwaulesi, pamtunda ikuchita kukwawa, mafutanso ikumwa kwambiri, ndipo makaniko akuti mugule fuel pump ndi mapulagi. Musagule kaye chilichonse. Pampu yomwe inali bwino m'mawa singafe masana chifukwa choti mwasintha lamba. Ine ndikuona kuti lambayo anamuika molakwika ndi dzino limodzi.

Ntchito ya lambayu ndi kulumikiza crankshaft (shafiti yozungulitsidwa ndi mapisitoni) ndi camshaft (shafiti yotsegula mavalavu) kuti mavalavu azitseguka ndi kutseka pa nthawi yake. Crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft imazungulira kamodzi. Tiyerekeze kuti giya ya camshaft ili ndi mano 40. Dzino limodzi pamenepo ndi madigiri 9, omwe pa crankshaft ndi madigiri 18. Si zochepa zimenezo. Chovuta n'chakuti injini imalirabe, ndiye wokonza amangotseka boneti n'kunena kuti zatheka, pomwe mpweya ukulowa ndi kutuluka mu silinda pa nthawi yolakwika.

Bwererani kwa amene anagwira ntchitoyo, achotse chivundikiro cha lamba inu mukuona. Azungulitse injini ndi sipanala pa bawuti ya crank, osati ndi sitata, kumbali yomwe imazungulira ikamalira, mpaka pisitoni ya nambala 1 ifike pamwamba penipeni mavalavu ake onse atatseka. Pamenepo chizindikiro cha pa giya ya crank ndi cha pa giya ya cam zilunjike ndi zizindikiro za pa injini. Muyang'ane mutaweramira molunjika ndi tochi, chifukwa mukayang'anira chapambali dzino limodzi silioneka. Ngati injini yanu ili ndi ma camshaft awiri, onani onse, nthawi zambiri imodzi imakhala bwino inayo itaphonya. Akakonza n'kumanga tensioner, kagudumu komangitsa lamba, azungulitse injini kawiri konse ndi dzanja, aonenso. Apa ndi pomwe ambiri amadumpha: zizindikiro zimalunjika lamba ali wolendewera, akamangitsidwa giya imasuntha pang'ono.

Zizindikiro nazo zimatha kunama. Giya ya crank imagwidwa ndi kachitsulo kakang'ono, kakiyi. Bawuti yaikulu ija ikamangidwa mosakwanira, kakiyiko kamadyeka kapena kuthyoka, giya n'kusuntha pa shafiti koma chizindikiro chikuonekabe cholondola. Kuti mutsimikize, chotsani pulagi ya silinda yoyamba, lowetsani sikuludiraiva yaitali pang'onopang'ono, wina azizungulitsa injini ndi dzanja. Pomwe yasiya kukwera ndiye pamwamba penipeni, ndipo chizindikiro cha crank chiyenera kugwirizana ndi pamenepo.

Ngati nyale ya check engine yayaka, ikani galimoto pa kompyuta. Kompyutayo ikaonetsa nambala ya P0016, ikutanthauza kuti crank ndi cam sizikugwirizana. P0335 ndi ya sensa ya crankshaft, P0340 ndi ya sensa ya camshaft, ndipo m'magalimoto ambiri mawaya ake amadutsa pafupi ndi lambayo, moti amatha kupanidwa ndi chivundikiro kapena kuiwalika osalumikiza. Yang'ananinso paipi yampweya yochokera ku air cleaner ndi timapaipi ta vacuum. Ikakhala ya dizilo, m'mainjini ambiri lamba yemweyo amayendetsanso injector pump, pampu yotumiza dizilo m'masilinda, yomwe ili ndi chizindikiro chakechake. Imeneyo ikaphonya, galimoto imavuta kulira kukazizira ndipo imatulutsa utsi woyera.

Koma pali chimodzi chomwe simunatiuze: lamba wakale anaduka muli paulendo, kapena munangomusintha poti nthawi inakwana? Ngati anaduka, nkhani ndi ina. Injini zambiri ndi za mtundu wa interference, moti lamba akaduka pisitoni imawomba mavalavu omwe atsala otseguka n'kuwapinda. Lamba watsopano sangawongole valavu. Apa mpofunika compression test, kuyeza mphamvu yopanikiza mpweya mu silinda iliyonse. Masilinda onse akatsika mofanana, mwina ndi timing yomweyo. Imodzi kapena awiri akatsika kuposa anzawo ndi 10 peresenti kapena kupitirira, kayikirani mavalavu, ndipo cylinder head, mutu wa injini momwe muli mavalavu, iyenera kuchotsedwa.

Pakadali pano musaithamangitse kapena kuinyamutsa katundu, chifukwa ngati tensioner ndi yomasuka lambayo akhoza kulumphanso mano ena n'kupinda mavalavu omwe panopa ali bwino. Tiuzeni mtundu wa galimoto, nambala ya injini, ndi ngati tensioner anasinthanso kapena anabwezera yakale.