Mwana wanu si waulesi mayi, ndi matenda a McArdle

Mayi ena amene akukhala ku Leeds andilembera imelo, akuti mnyamata wawo wa zaka 14 madokotala amupeza ndi matenda a McArdle. Amadya bwino, kumuona thupi ndi wabwinobwino, koma akangoti athamangire basi kapena kukwera masitepe mwachangu miyendo imalemera nkuuma, mtima kugunda kwambiri, ndipo zaka zonsezi kusukulu ankangoti ndi ulesi. Nde akufunsa kuti, kodi chimachitika nchani m'thupimo, ndimuletse zamasewera, nanga zoti azimwa za shuga zija nzoona?

Mayi, zomuletsazo ayi chonde. Koma kuti mumvetse chifukwa chake tiyambe ndi mmene mnofu umapezera mphamvu.

Chimene mnofu umagwiritsa ntchito pokoka ndi ATP, kanthu konyamula mphamvu m'thupi, ndipo imene imakhala yokonzeka kale pamodzi ndi phosphocreatine, imene imabwezeretsa ATP mwachangu, imatha m'masekondi osapitirira 10 munthu akamalimba zenizeni. Ikatha imeneyo mnofu umatembenukira ku glycogen, amene ndi shuga wosungidwa mkati mwa mnofu momwemo. Munthu wamkulu amasunga magalamu pafupifupi 400 m'minofu ndi ena pafupifupi 100 m'chiwindi. Kuti glycogen uja aphwanyidwe pamafunika enzyme, kutanthauza puloteni yothandiza kuphwanya kapena kusintha zinthu m'thupi, yotchedwa myophosphorylase, ndipo imeneyi ndi imene mwana wanu alibe chifukwa jini ya PYGM, malangizo otengera kwa makolo opangira enzyme imeneyi, ili ndi vuto. Zili ngati nkhokwe yodzaza mpaka pakamwa koma yokhomedwa ndipo kiyi palibe, chakudya chilipo chambiri mwinanso kuposa cha anzake koma sangachitape.

Amene anayamba kuzifotokoza ndi Brian McArdle ku Guy's Hospital ku London mu 1951. Anaona bambo wa zaka 30 amene minofu imamupweteka akangogwira ntchito pang'ono, atamuyeza magazi pambuyo polimbitsa mkono anapeza kuti lactate sanakwere, pomwe kwa tonsefe amakwera chifukwa ndi chotsalira cha glycogen akamaphwanyidwa mwachangu. Enzyme yosowayo inadziwika mu 1959. Mpaka lero poyeza amayang'anabe zomwezo, lactate amangokhala pomwepo koma ammonia nkumakwera, kenako amatsimikiza poyeza jini. Ndi matenda osowa, pafupifupi munthu mmodzi pa 100,000, nchifukwa chake ambiri amakula akunenedwa ulesi asanawapeze, ndipo zimandipweteka ine zimenezi chifukwa mwana amafika pokhulupirira yekha kuti ndi wofooka.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mugwiritsitse. Chiwindi chili ndi enzyme yakeyake yosiyana ndi ya m'minofu, ndiye cha mwana wanu chikugwira bwinobwino, chimatha kutulutsa shuga kupita m'magazi. Mafuta a m'thupinso amatha kuwagwiritsa ntchito. Vuto ndi lakuti ziwirizi zimachedwa kufika, magazi ayambe kaye athamanga mokwanira kupita ku minofu. Nde maminitsi oyambirira aja ndi amene ali ovuta, ATP yatha, glycogen sakutsekuka, zochokera m'magazi sizinafike, mtima umangogunda mopitirira ntchito imene akugwirayo. Koma akachepetsa liwiro kapena kuima pang'ono ululu ukayamba, nkupitirizanso pang'onopang'ono, pakatha maminitsi 6 mpaka 10 zinthu zimasintha, kugunda kwa mtima kumatsika kooneka ndithu pa wotchi yoyeza kugunda kwa mtima, miyendo imapepuka, amatha kuyenda mtunda wautali. Madokotala amati second wind, ndipo mukamufunsa mwanayo mwina akuuzani kuti anazizindikira kalekale yekha kuti akapuma kaye zimayenda.

Nchifukwa chake kumukhazika pansi kungamupweteke. Munthu amene amayenda kapena kupalasa njinga pafupipafupi mosathamanga, mtima wake umapopa bwino ndipo minofu imazolowera kugwiritsa ntchito mafuta, pomwe wongokhala amafooka nkumavutika ndi ntchito zing'onozing'ono zomwe. Zoti asamale nazo ndi zija zofuna mphamvu zonse nthawi imodzi, kuthamanga mwa liwiro lonse, kunyamula sutikesi yolemera kukwera nayo masitepe, kukankha galimoto, ngakhale kunyonyomala nthawi yaitali kapena kufinya chinthu mwamphamvu osasiya. Langizo limene odwala amapatsidwa ndi lakuti ntchito ya mphamvu zonse isapitirire masekondi 6, apume kaye ndiye abwerezenso. Aphunzitsi a zamasewera auzeni zimenezi, makamaka zoti mawu aja akuti limba mtima pitiriza kwa iyeyu ndi oopsa.

Oopsa chifukwa akakakamiza mnofu umakokana nkuuma gwa osamasuka kwa maola, musaukoke kapena kuuwongola mokakamiza, ndipo pena umaphwanyika mkati nkutaya myoglobin, puloteni ya m'minofu, m'magazi. Mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo myoglobin ameneyo amatha kuwononga impso mpaka kuleka kugwira ntchito. Mukaona zimenezo, makamaka ngati mkodzo ukuchepa, ndi zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo osati mawa. Ndipo popeza mwati mumabwera kumudzi pa holide, muziyenda ndi kalata ya dokotala wake, chifukwa kwathu kuno mkodzo wakuda kapena wofiira aliyense amayamba kuganiza malungo kapena likodzo, zimene ndi zomveka, koma wamuyezayo adziwe kuti pali McArdle ndipo ayang'ane impso ndi CK, enzyme ya m'minofu imene imakwera m'magazi mnofu ukawonongeka. CK wakeyo amakhala wokwera ngakhale tsiku limene ali bwino, musadzidzimuke nazo.

Za shuga zija nzoona koma zili ndi malire. John Vissing ndi Ronald Haller anaonetsa mu 2003 kuti kumwa chakumwa cha shuga munthu asanayambe masewera kumathandiza kwambiri maminitsi ovuta aja, chifukwa shuga wa m'magazi amalowa mu mnofu osadutsira pa enzyme yosowayo. Koma nzoyenera tsiku limene akudziwa kuti kuli ntchito yolimba, osati tsiku ndi tsiku, apo ayi anenepa ndipo kulemera kwa thupi kumuonjezera vuto. Mlingo wake mukambirane ndi dokotala wake.

Muonetsetsenso kuti zimene mukuwerenga pa intaneti ndi za mtundu wake, chifukwa matenda a glycogen alipo a mitundu ingapo, McArdle ndi type 5. Type 7, imene Seiichiro Tarui wa ku Japan anafotokoza mu 1965, vuto lili pa enzyme ina yotchedwa phosphofructokinase, pamene shuga wa m'magazi amadutsiranso, nde kwa iwowo shuga sathandiza, amaonjezera kutopa chifukwa amatsitsa mafuta a m'magazi amene amadalira, ndipo second wind sakhala nayo. Pompe ndi type 2, nkhani ina, imeneyo ili ndi mankhwala obwezeretsa enzyme kuyambira 2006, McArdle alibe.

Munatchulanso kuti pali azichemwali ake awiri. Matendawa mwana amatenga jini yavuto kwa mayi ndi kwa bambo omwe, inu awirinu osadwala, ndipo mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe nawo ndi umodzi pa 4. Ngati wina mwa atsikanawo amatsalira m'mbuyo poyamba kuyenda kapena amadandaula miyendo pa masitepe, pemphani amuyezenso.