Ampulifaya yanga imayera pa mawati 100 koma imadetsa pa 10

FUNSO

Akatswiri, ndinadzipangira ampulifaya ya wayilesi yolankhulirana ya SSB (yotumiza mawu pa mbali imodzi yokha ya funde), ya ma transistor awiri a mtundu wa LDMOS, yotulutsa mawati 100. Ndinailumikiza ku wayilesi ya SDR (yoyendetsedwa ndi pulogalamu ya kompyuta) yokhala ndi predistortion, njira yoyeretsera mafunde otuluka. Nditaichuna pa mphamvu yonse, mafunde anayera bwino, ndipo ndinasunga zomwe makina anaphunzirazo. Koma ndikatsitsa mphamvu kufika mawati 10, anzanga amadandaula kuti mawu anga akusefukira m'matchanelo oyandikana nawo. Ine ndinkayesa ampulifaya ikapepukidwa ntchito m'pamene imawongoka. Ndalakwa pati?

Wokonda Wayilesi

YANKHO

Achimwene, maganizo anu ndi olondola ndithu: ampulifaya yopepukidwa nthawi zambiri imawongoka. Ndikuganiza kuti amene akudetsa mafunde anu pa mawati 10 si ampulifaya ayi, koma mankhwala amene mwaipatsa, predistortion ija. Mbuna imeneyi nanenso ndinagweramo, ndipo ndinataya masabata awiri ndikusintha ma transistor osalakwa.

Transistor ikamayandikira malire ake imayamba kufinya nsonga za mafunde. Mukaiwonjezera 1 dB (muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mphamvu) polowera, kotulukira kumakwera mochepera pamenepo, komanso phase, kutanthauza nthawi imene funde limatulukira, imasuntha. Predistortion ndi kukhotetseratu. Kompyuta imakweza dala nsonga zija zisanalowe mu ampulifaya, kuti ampulifaya ikazifinya zituluke zowongoka. Zili ngati magalasi a maso: amathandiza munthu amene anayezedwayo, koma mukawaveka wa maso abwino amaona chimbuuzi. Inu munayeza maso a ampulifaya ili pa mawati 100. Pa mawati 10, omwe ndi 10 dB pansi, siikufinyanso nsonga, koma magalasi aja akadali kumaso. Kompyuta ikukweza nsonga, palibe wozifinya, ndiye zikutuluka zotupa. Kusefukira komwe anzanu akumva n'kumeneko.

Choncho funso langa loyamba n'lakuti, mphamvuyo mumaitsitsira pati? Ngati chochepetsera chili pambuyo pa predistortion, monga attenuator kapena gain ya driver, tebulo lomwe kompyuta imasungamo zimene inaphunzira silidziwa kuti zinthu zasintha. Ilo likamaona nsonga yaikulu limaganiza kuti ndi mawati 100 basi. Mukatsitsa mafunde ali manambala, asanafike pa tebulolo, ndiye kuti agwiritsa ntchito chigawo chapansi chokha cha tebulo, chomwe chimakhotetsa pang'ono kwambiri. Njira imeneyi ili ndi mtengo wake, chifukwa DAC, yomwe imasandutsa manambala kukhala mafunde, imagwira ntchito ndi ma bit ochepa ndipo phokoso limayandikira, koma pa 10 dB zokha wayilesi yabwino siivutika nazo.

Ngakhale mukonze zimenezo, musadalire tebulo losungidwa. Ampulifaya ilibe kukhota kumodzi kokhazikika. Kumasintha ndi kutentha, ndi voltage ya batire kapena ya power supply yomwe imagwa pang'ono mukamakoka mphamvu zambiri, ndi frequency, ngakhalenso ndi eriyo yomwe mwalumikiza. Imakumbukiranso: nsonga yomwe yangodutsa imasiya transistor itatentha ndi ma capacitor atatsika, ndiye nsonga yotsatira imapeza ampulifaya ina. N'chifukwa chake makina abwino amaphunzira mosalekeza. Amatapa kachigawo kakang'ono ka mafunde otuluka kudzera pa directional coupler, n'kuyerekeza ndi zomwe anatumiza, n'kumakonza tebulo. Pulogalamu ya PureSignal, imene Warren Pratt analembera mawayilesi a OpenHPSDR, imagwira ntchito chonchi. Ngati yanu ili ndi batani lophunzira mosalekeza, lisiyeni loyaka.

Apa pali msampha wina woti ambiri sauona. Kachigawo kotapidwa kaja nakonso kamatsika ndi 10 dB mukatsitsa mphamvu. Ngati attenuator ya njira yobwererayo munaiika yoyenera mawati 100, pa mawati 10 cholandirira chimamva zofooka, ndipo kompyuta imayamba kuphunzira phokoso m'malo mwa kukhota. Mukaichepetsa kuti igwirizane ndi mawati 10 n'kuiwala kuibweza, pa mawati 100 cholandiriracho chimadzaza n'kuyamba kukhota chokha, ndiye makina amakonza cholakwa chomwe ampulifaya ilibe. Attenuator imeneyi iziyenda limodzi ndi mphamvu.

Tsopano ampulifaya yeniyeniyo, chifukwa mwina nayonso ili ndi mlandu. Yanuyo iyenera kuti ndi ya class AB, momwe ma transistor awiri amalandizana ntchito, wina theka la funde, wina theka linalo. Polandizanapo pamafunika karenti yaing'ono yoyenda ngakhale simukulankhula, imene timaichuna ndi bias. Ikachepa, pamakhala kakhwawa pakati. Pa mawati 100 kakhwawako kamabisika pansi pa mafunde aakulu, koma pa mawati 10 mafunde amakhalitsa pafupi nako ndipo kamaonekera. Ndiponso LDMOS ikatentha, karenti imeneyi imakwera ngati voltage ya pa gate, mwendo wolamulira transistor, sikusintha. Mukachuna bias ampulifaya ili yotentha, ikadzazizira pa mphamvu yochepa karentiyo imatsika. Ikani thermistor kapena diode, tizida tomva kutentha, pafupi ndi ma transistor pa heatsink (chitsulo choziziritsa) kuti bias izitsatira kutentha.

Musakhulupirire makutu a anzanu okha, yezani. Lumikizani dummy load (chida chotenga malo a eriyo kuti mafunde asapite mumlengalenga), zimitsani predistortion, ndipo tumizani mamvekedwe awiri ofanana mphamvu, 700 Hz ndi 1900 Hz. Atalikirana 1200 Hz, choncho zinyalala zoyamba, zomwe timati IMD3, zidzaonekera 1200 Hz kunja kwa lililonse. Yezani pa mawati 100, 50, 25, 10 ndi 5. Mabuku amati mukatsitsa 1 dB zinyalalazi zimatsika 3 dB, koma class AB siimvera lamulo limeneli bwinobwino: pena zimatsika kwambiri pamalo amodzi n'kukweranso, pena zimangoima. Zikaima kapena kukwera pamene mukutsika, vuto ndi bias. Zikatsika bwino popanda predistortion koma n'kukwera mukaiyatsa, vuto ndi magalasi aja.

Musamve manyazi, nkhaniyi yavutitsa anthu kuyambira kale. Harold Black wa ku Bell Labs anatulukira negative feedback, njira yobweza kachigawo ka zotuluka polowera kuti kachepetse kukhota, mu 1927 pofuna kuwongola ma ampulifaya a telefoni. Mu 1936 William Doherty, wa komweko, analimbana ndi mbali ina ya vutoli, yoti ampulifaya ikatsitsidwa imawononga magetsi. Class B yangwiro, yofanana ndi AB koma yopanda karenti ya polandizana ija, imasandutsa 78.5 peresenti ya magetsi kukhala mafunde pa mphamvu yonse, koma 10 dB pansi imangofika pafupifupi 25 peresenti. Iye anawonjezera ampulifaya yachiwiri yomwe imadzuka pa nsonga zokha. Nsanja zambiri za mafoni lero zimagwiritsa ntchito ampulifaya ya Doherty pamodzi ndi predistortion yophunzira mosalekeza, popeza mphamvu yake imakwera n'kutsika malinga ndi kuchuluka kwa oimba, pomwe malamulo a LTE (netiweki ya 4G) amafuna kuti zosefukira m'tchanelo choyandikana zikhale pansi ndi 45 dB nthawi zonse.

Inu simukufunika Doherty. Yambani ndi kuyeza kuja, konzani bias, kenako sunthani chochepetsera mphamvu. Ngati pulogalamu yanu siitha kuphunzira mosalekeza, sungani matebulo osiyana a mawati 100, 50 ndi 25 pa band iliyonse, aliyense wophunziridwa ampulifaya itatentha kale. Pa mawati 10, bias ikakhala bwino, ine ndimangozimitsa predistortion. Mukayeza, ndilembereninso manambala asanu aja.