Internship ya kafukufuku ku unduna: mukachite chiyani, mukapewe chiyani

Achemwali ena amene angomaliza digiri ya zachuma atilembera imelo. Apatsidwa malo a internship ku nthambi ya mapulani mu unduna wina ku Capital Hill, ndipo kalata yawo ikuti azikathandiza kafukufuku woti boma lizipanga ndondomeko zake potsamira umboni. Akufunsa kuti akonzekere chiyani, komanso ngati zimene azikalemba zidzawerengedwe n'komwe.

Achemwali, iwalani zoyenda m'midzi mutanyamula mafunso. Ku unduna deta ilipo yambiri, chosowa ndi munthu woitsegula n'kuyankha funso la bwana Lachisanu lisanakwane. Choncho musanayambe ntchito, dziwani kumene imapezeka. National Statistical Office (NSO) ya ku Zomba ili ndi kalembera wa 2018, amene anapeza anthu oposa pang'ono 17.5 miliyoni, komanso kafukufuku wa moyo wa m'mabanja wotchedwa Integrated Household Survey, amene ambiri amangoti IHS. Deta ya IHS mumaikopera ulere pa webusaiti ya World Bank mukalembetsa. Ya DHS (Demographic and Health Survey, kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo) amafunanso kuti mulembe mwachidule chimene mukufuna kuchita nayo. Ku zaumoyo mukakumana ndi DHIS2, yosunga malipoti a zipatala, ku zamaphunziro EMIS, yosunga deta ya masukulu. Excel muidziwe bwino, kenaka pulogalamu yowerengera deta ya Stata kapena R. Imodzi ndi yokwanira.

Apa ndi pamene ambiri amaterereka. IHS safunsa nyumba iliyonse, amasankha zochepa zoimira zinzake, n'chifukwa chake mu deta muli ma weights, manambala osonyeza kuti nyumba iliyonse ikuimira nyumba zingati. Mukawaiwala, nambala yanu isiyana ndi ya mu lipoti la NSO ndipo mukachita manyazi pamsonkhano. Musanawerengere chatsopano, yesani kutulutsa nambala yodziwika kale: IHS ya 2019/2020 inapeza kuti anthu 50.7 pa 100 aliwonse ndi osauka. Ikakana kutuluka, vuto lili kwa inu. Ya 2016/2017 inali 51.5, koma musathamangire kulemba kuti pulogalamu yakuti yachepetsa umphawi. Kusiyanako n'kochepa kwambiri, ndipo sikukutiuza chimene chachititsa. IHS imakupatsani chithunzi cha boma lonse, monga Dedza kapena Nsanje. Mukatsikira kwa T/A mmodzi, nyumba zotsala zimachepa moti nambala yake simungaidalire.

DHIS2 ili ndi misampha yake. Mukaona kuti ana olandira katemera atsika mwadzidzidzi mwezi wina, yambani mwafufuza ngati zipatala zonse zinatumiza malipoti. Nthawi zambiri atsika ndi malipoti, osati ana. Mukaona boma lina lafika 110 pa 100, dziwani kuti chiwerengero cha anthu chimene akugawira n'chongoyerekeza kuchokera ku kalembera, ndipo zipatala za m'malire zimathandizanso anthu ochokera ku Mozambique kapena ku Zambia. Pa ndalama, kumbukirani kuti kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kufanizira bajeti ya 2022 ndi ya 2024 osaganizira kukwera kwa mitengo n'kunamiza bwana wanu.

Chimene mudzalembe kwambiri ndi policy brief, chikalata chachifupi cholangiza akuluakulu chochita pa nkhani inayake. Ikhale ya masamba awiri, ikachulukitsa anayi. Yankho likhale m'ndime yoyamba, chifukwa a PS (mlembi wamkulu wa unduna) mwina saiwerenga mpaka kumapeto. Perekani njira ziwiri kapena zitatu, iliyonse ndi mtengo wake ndi amene angaigwire, ndipo sonyezani pamene ikulowa mu masomphenya a dziko a Malawi 2063 kapena MIP-1, ndondomeko yake ya zaka khumi zoyamba. Mawu oti "boma liwonjezere ndalama" opanda nambala ndiponso opanda kunena kumene ndalamazo zichokere sathandiza aliyense. Nthawi nayo ndi nkhani: chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye brief yofuna ndalama ikafika bajeti itadutsa kale ku Nyumba ya Malamulo, idikira chaka china m'kabati.

Ngati adzakutumani kukafunsa anthu, pafunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku: NHSRC pa zaumoyo, kapena NCRSH ya pansi pa National Commission for Science and Technology pa za chikhalidwe cha anthu. Chimatenga masabata ndipo chimalipiridwa. Pa internship ya miyezi yochepa, kawirikawiri n'kwabwino kungogwiritsa ntchito deta yomwe ilipo.

Kodi zidzawerengedwa? Zina ayi. Za feteleza wotsika mtengo zafufuzidwa kwambiri kuyambira nthawi ya FISP mu 2005 mpaka AIP imene inabwera mu 2020, komabe chigamulo chimayenderanso ndale ndi thumba la boma. Brief imene imawerengedwa ndi yoyankha funso limene wina wafunsa kale. N'chifukwa chake akakupatsani ntchito yolemba maminitsi musanyinyirike. M'menemo ndi momwe mumamva zimene zikuwasowetsa tulo akuluakulu. Muziwerenganso ma brief a mabungwe ofufuza a MwAPATA, AFIDEP ndi IFPRI kuti muone mmene amafupikitsira nkhani.

Sabata yoyamba, pemphani kuti akuuzeni wokuyang'anirani ndi ndani, mugwirizane ntchito imodzi yoti idzatuluke ndi tsiku lake, ndipo zilembedwe. Ngati mukufuna kudzagwiritsa ntchito deta ya undunawo pa masters yanu, chilolezo chake chikhalenso cha kalata. Zikalata zimene sizinatulutsidwe musazitumize pa WhatsApp, ngakhale pagulu la anzanu a m'kalasi.