Galimoto yodzipangira ikudya matayala, ndiyambire pati?

Funso: Akonzi, ndinawotcherera ndekha chasisi ya kagalimoto ka anthu awiri. Injini, ma hub (pomwe magudumu amamangidwa) ndi steering rack (chitsulo chimene chiwongolero chimakhotetsera magudumu) ndinazichotsa ku galimoto yakale yokankha ndi magudumu akumbuyo, marimu ndi a mainchesi 14. Matayala akutsogolo akudyeka m'kati, ndipo ikaponda bampu pa msewu wa ku Nkhata Bay imakhota yokha. Ndakonzetsa toe (momwe magudumu amalozera m'kati kapena kunja ukawayang'ana kuchokera pamwamba) kawiri, osasintha. Ndi chiyani?
Wowerenga wa ku Chibavi, Mzuzu

Yankho: Achimwene, toe imakonzedwa pomaliza penipeni. Chilichonse chimene mungakhudze pambuyo pake chimayisokoneza.

Imikani galimoto pa simenti yosalala, mpweya wofanana m'matayala onse, pampando wa dalaivala muikepo thumba la simenti ndi theka kuti liimire kulemera kwanu. Gwedezani gudumu lililonse. Ball joint (mfundo yomwe gudumu limakhoterapo), tie rod end (mapeto a ndodo yochokera ku rack kupita ku gudumu) kapena bushi ikamasewera, miyeso yonse idzakunamizani. Kenako yezani kuchokera pansi kufika ku chasisi, kumanja ndi kumanzere kufanane. Mabawuti a mabushi amangidwe galimoto itaponda pansi, osati ili pa jeki, apo ayi labala amapindika n'kung'ambika msanga.

Caster, kupendekera chakumbuyo kwa mzere womwe gudumu limakhoterapo, ndiyo imabweza chiwongolero pakati mukatuluka pakona. Khotetsani gudumu madigiri 20 kumanja, yezani camber (kupendekera kwa gudumu m'kati kapena kunja, kayezedwe kake kali pansipa), mukhotetsenso 20 kumanzere, muyezenso. Kusiyana kwake muchulukitse ndi 1.5. Pa galimoto yopepuka ngati yanuyi, madigiri 4 mpaka 6 ndi poyambira pabwino. Mumasintha posamutsa mawasha a wishbone yapamwamba, mkono wolumikiza gudumu ku chasisi.

Camber simufunika makina. Mangirirani nati ku ulusi, muulendewetse pambali pa gudumu, muyeze kuchokera ku ulusi kufika ku mlomo wa rimu pamwamba ndi pansi. Pa rimu ya 14, digiri imodzi ndi pafupifupi mamilimita 6.5. Pamwamba papendekere m'kati mamilimita 3 mpaka 6, mbali zonse mofanana.

Koma chimene mwafotokozacho, chokhota pa bampu, ndi bump steer, ndipo n'chimene chimavutitsa kwambiri galimoto zopanga pakhomo. Gudumu likamakwera ndi kutsika, wishbone imayenda njira yake, tie rod nayo yake. Njira ziwirizi zikasiyana, tie rod imakoka kapena kukankha gudumu inu musanakhudze chiwongolero. Ndiye chifukwa toe imaoneka bwino galimoto itaima, koma pamsewu tayala likukhulika.

Muyese motere. Chotsani sipuling'i, mangani chiwongolero pakati, chasisi muyikhazike pa msinkhu womwe imayendera. Ndi jeki, kwezani hub masentimita 5, muitsitsenso 5 kuchokera pomwe imakhala, uku mukuyeza toe pa sentimita iliyonse. Ikamalowa m'kati pokwera n'kutuluka kunja potsika, kapena mosemphana, ndiye kuti rack ili pa msinkhu wolakwika. Ikwezeni kapena kuitsitsa ndi timalata ta mamilimita 2, kamodzikamodzi, mukuyezanso. Ikamapita mbali imodzi pokwera ndi potsika pomwe, vuto ndi utali wa rack. Mfundo yam'kati ya tie rod iyenera kukhala pa mzere wolumikiza mabawuti am'kati a wishbone yapamwamba ndi yapansi, ndipo rack yochokera ku galimoto ina nthawi zambiri imakhala yaitali. Ifupikitsidwe ndi wodziwa makina a lathe. Chonde musadule tie rod n'kuiwotcherera. Ikathyoka mukutsika Chiweta, chiwongolero chatha pomwepo.

Tsopano toe. Kokani ulusi mbali zonse ziwiri pa msinkhu wa pakati pa gudumu, maulusiwo atalikirane mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, komanso mofanana kuchokera pakati pa chasisi. Yambani kuona ngati ekiselo yakumbuyo yaongoka. Pansi pa matayala akutsogolo ikani majumbo awiriawiri opaka girisi kuti gudumu lisakakamire. Yezani mlomo wa rimu kutsogolo ndi kumbuyo. Magudumu onse awiri pamodzi alowe m'kati mamilimita 1 mpaka 2. Potozani ma tie rod onse mofanana, mukankhe galimoto chitsogolo pang'ono, muyezenso musanamange ma lock nut.

Funso: Zonse ndayeza, koma ikukokerabe kumanzere pa M1 yopita ku Ekwendeni.
Wowerenga wa ku Luwinga

Yankho: Misewu imamangidwa yotsetsereka m'mbali kuti madzi azichoka, ndipo poti timayenda kumanzere, kukokera pang'ono kumeneko si vuto. Ikamakoka mwamphamvu, sinthanitsani matayala akutsogolo. Kukokako kukasintha mbali, ndi tayala. Kukapanda kusintha, gwirani rimu mutayenda pang'ono. Yotentha kuposa inzake ndiye kuti buleki ikugwira. Zikakhala bwino, yezaninso caster, chifukwa galimoto imakokera mbali yomwe caster yachepa.