Acyclovir amapoletsa chilonda cha pamlomo, nanga bwanji kachilomboko sikatha?

Mchemwali wina wa ku Mufakose, amene akuphunzira unamwino, watilembera imelo. Akuti matuza a pamlomo amamutuluka chaka ndi chaka dzuwa la Okutobala likaswa mtengo muno mu Harare. Funso lake: bwanji mankhwala a acyclovir amapoletsa chilonda koma kachilomboko osatha?

Achemwali, nkhani yagona pa mmene HSV-1, kachilombo koyambitsa matuzawa, kamayatsira majini ake (genes, malangizo olembedwa mu DNA), omwe alipo pafupifupi 80. Sikayatsa onse pakamodzi. Mu 1974 asayansi Honess ndi Roizman anaonetsa kuti amayaka m'magulu atatu, gulu lina likutsekulira linzake.

Kachilombo kakamalowa mu selo ya pakhungu kamakhala katanyamula kamba wake, puloteni ya VP16. Iyi imagwirana ndi mapuloteni awiri a selo yathu yomwe, Oct-1 ndi HCF-1, n'kukhala pa DNA ya kachilombo pamene pali zilembo za TAATGARAT. Pamenepo majini asanu a gulu loyamba amayaka: ICP0, ICP4, ICP22, ICP27 ndi ICP47. Kapitawo wake ndi ICP4. Popanda iyo magulu otsatira sayaka, ndipo ikachuluka imatseka yokha jini imene imaipanga. ICP0 imaphwasula PML, puloteni imene selo imamangira DNA yachilendo. ICP47 imatseka TAP, khomo limene selo imadutsitsirapo zidutswa za kachilombo zokaonetsa kunja, kuti asilikali a m'thupi asaone kuti m'nyumba mwalowa mbala.

Gulu lachiwiri limapanga zida zokopera DNA, monga thymidine kinase ndi DNA polymerase. Lachitatu limapanga chikuto ndi chovala cha tizilombo tatsopano. Zonsezi zimatha pafupifupi tsiku limodzi.

Gwiritsitsani gulu lachiwirilo, poti mpamene acyclovir amaluma. Mankhwalawa amalowa m'thupi ali ogona. Amadzuka thymidine kinase ya kachilombo ikawamata kagawo kotchedwa phosphate koyamba, selo n'kuwonjezera tina tiwiri. Polymerase ikawatola poyesa ndi njerwa ya DNA, kukopako kumathera pomwepo.

Koma tizilombo tina timakwera ndi mtsempha mpaka pa trigeminal ganglion, mfundo ya mitsempha ili patsinde pa ubongo. Ulendowo ndi wautali, VP16 safika yokwanira, komanso HCF-1 ya m'maselo amenewa imakhala kunja kwa nucleus, chipinda cha m'kati mwa selo mmene DNA imakhala. Majini asanu aja sayaka. DNA imapindika ngati nkhata, mapuloteni a histone n'kuikuta, ndipo chimene chimapangidwa kwambiri kuchokera ku DNA imeneyi ndi uthenga wa RNA wotchedwa LAT. Thymidine kinase palibe, kukopa DNA palibe, ndiye acyclovir agwire chiyani? Dzuwa, malungo, nkhawa kapena msambo zikagwedeza mtsemphawo, ndandanda ija imayambiranso.

N'chifukwa chake nthawi yoyambira mankhwala ndi pamene mlomo wangoyamba kuyabwa kapena kunyerenyesa. Acyclovir wopaka amapakidwa kasanu pa tsiku. Ambiri amathamangira ku famase chilonda chitachita kale nkhanambo, apo ndalama yangopita. Chipewa ndi mafuta a pamilomo otchinga dzuwa n'zotchipa kuposa pamenepo.

Mukadzakhala mu wodi, wodwala amene chitetezo chake chatsika, monga wa HIV amene CD4 yagwa, chilonda chikakana kupola ali pa acyclovir, ganizirani jini ya thymidine kinase kuti yasintha. Pamenepo madokotala amatembenukira ku mankhwala ena otchedwa foscarnet, amene amamenya polymerase mwachindunji. Chilonda chikayandikira diso, kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo muli ndi matuza, khanda musalipsompsone.