Amalume, musaipereke kaye kompyutayo

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva. Ndati ndiyankhe pagulu pompano poti enanso a pabanja pano ali ndi malaputopu okalamba. Mwati laputopu ya kunyumba ija ikuchedwa kuyaka, mukadina chinthu imangozungulira, ndiye mnyamata wina wakuuzani kuti ingofomatidwa basi. Ndipo mukufunsa ngati zithunzi za chinkhoswe cha msuweni wanga ndi kaundula wa banki mkhonde wa azakhali zitsalemo.

Sizitsalamo, amalume. Kufomata kumachotsa zonse za pamalo amene afomatawo, zabwino ndi zoipa zomwe. Zili ngati kugwetsa nkhokwe kuti mumange ina, chimanga muyambe mwatulutsa. Ndiye chonde, laputopuyo isatuluke m'nyumbamo mpaka mutaona ndi maso anu kuti mafayilo anu akutseguka pa kompyuta ina. Osati kungouzidwa kuti akopedwa ayi, muwaone nokha akutseguka.

Pezani fulashi yaikulu kapena hard disk yakunja ija yolumikiza ndi chingwe. Msuweni wanga akhale nanu pambali, alowe mu Desktop, Documents, Pictures, Videos komanso Downloads. Downloads imeneyi anthu amaiwala kwambiri, pomwe ndi mmene mumagwera makalata onse amene munatsitsa pa imelo, masatifiketi a ana, mafomu a sukulu, zonsezo. Wina akuuzani kuti ingosamutsirani ku D, ife tifomata C yokha (C ndi D ndi maina a malo osungiramo mafayilo m'kompyuta). Inde, zimatheka, koma m'malaputopu ambiri C ndi D ndi disiki imodzi yomweyo, anangoidula pakati. Disikiyo ikafa, zafa zonse ziwiri. Komanso poika Windows pamabwera tsamba losonyeza magawo a disiki, ndipo pamenepo salemba C kapena D ayi, amalemba Drive 0 Partition 2, Partition 3, choncho. Munthu akadina Delete pamzere wolakwika, zatha.

China, mukamakopa muziyang'anitsitsa. Pali vayirasi ija imayenda m'mafulashi, makamaka amene apita kosindikiza mapepala. Imabisa mafoda enieni n'kuika tizithunzi tofanana nawo, tokhala ndi kamuvi kakang'ono pakona yapansi. Mukaona foda ya zithunzi za chinkhoswe ili ndi kamuvi kameneko, kukula kwake n'kumalemba 1KB kapena 2KB, imeneyo si foda, ndi chikwangwani chabe cholozera kwina. Zithunzi za chinkhoswe chonse sizingakwane mu 2KB. Munthu amakopa timeneti, n'kufomata mtima uli m'malo, mawa lake adine, mulibe kanthu. N'chifukwa chake ndikukakamira zokatsegula pa kompyuta ina. Kaundula wa azakhali yekhayo, poti muli ndalama za anthu, mumuike pawiri: pa fulashi komanso pa Google Drive. Akaunti ya Gmail imabwera ndi malo a 15GB aulere, ndipo fayilo ya Excel ndi kanthu kakang'ono, sikamaliza bandulo.

Mapasiwedi nawonso. Ndikudziwa kuti imelo yanu imangotseguka yokha pa Chrome, mwina pasiwedi munailemba komaliza tsiku limene munatsegula akaunti. Ikafomatidwa, idzakufunsani. Onetsetsani kuti mukuikumbukira, ndipo nambala ya foni imene ili pa akauntiyo ndi imene muli nayo pano, osati layini ija munataya. Mulembe m'kabuku, musatumize pagulu pano. Ndipo ngati pa C mukuona kachizindikiro ka loko, ndiye kuti disikiyo ndi yokiyidwa ndi BitLocker. Kiyi wake ndi manambala 48, nthawi zambiri amakhala mu akaunti ya Microsoft imene munalowera. Ameneyo timupeze tisanakhudze chilichonse.

Tsopano ndibwere pa zimene zikundidetsa nkhawa kwenikweni. Mwatchulapo kuti nthawi zina imalira kuti tiki, tiki, tiki m'kati. Amalume, phokoso limenelo silichokera kwa Windows. Hard disk yakale ili ndi timbale tozungulira ndi kamkono kowerenga, ndipo ikayamba kutha mphamvu kamkonoko kamangobwerera pamalo omwewo. Ngati vuto ndi limenelo, mufomata lero, iyenda bwino sabata ziwiri, kenako ibwerera mwakale, ndalama mwalipira kale. Penanso kufomata komweko ndi kumene kumaimaliza, poti kumaigwiritsa ntchito yolemetsa.

Tiyeni tiiyeze kaye. Msuweni adine Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi, patseguka Task Manager. Apite pa Performance, ayang'ane pamene alemba Disk. Pamasonyeza ngati ndi HDD, yakale ya timbale ija, kapena SSD, disiki yamakono yothamanga yopanda zozungulira m'kati. Ikakhala HDD, n'kumangokhala pa 100% inu musanatsegule kanthu kalikonse, ndiye ine maganizo anga ndi awa: m'malo molipira kufomata, gulani SSD, ngakhale ya 256GB, Windows tiike pa yatsopanoyo. Ubwino wake ndi pawiri. Laputopu imene imadya mphindi zingapo kuyaka imayamba kuyaka musanamalize kukhala pansi. Ndipo disiki yakaleyo sitiifomata n'komwe, timangoitulutsa n'kuiika m'kabokosi kolumikiza pa USB, zinthu zanu zonse zili momwemo. Mukakumbukira mwezi wamawa kuti paja panali kalata ya malo, mukaipeza. Njira imeneyi ndi imene ndingasankhe ikanakhala yanga.

Ikapezeka kuti disiki ili bwino, vuto ndi zinyalala zimene ana akhala akuikamo, Windows ili ndi njira yake yodzikonzera popanda kupita kwa munthu. Pa Windows 10 ndi Settings, Update & Security, Recovery, kenako Reset this PC. Ikufunsani Keep my files kapena Remove everything. Yoyambayo imasiya mafayilo anu koma imachotsa mapulogalamu onse amene munaikamo. Ikufunsaninso Cloud download kapena Local reinstall. Sankhani Local, chifukwa Cloud imatha kudya intaneti yopitirira 4GB. Ngakhale yalemba kuti isunga mafayilo, kukopa kuja musakudumphe.

Ikakana zimenezo, ndiye pamabwera kufomata kwenikweni. Pamafunika fulashi ina, ya 8GB kupita m'mwamba, ndipo mvetsetsani apa, ikhale ina, osati imene mwasungamo zithunzi, chifukwa pulogalamu yokonzera fulashiyo imafufuta zonse zili momwemo. Dzina lake Media Creation Tool, imatengedwa pa tsamba la Microsoft lenileni, yaulere. Imatsitsa ma GB angapo, ndiye imeneyo ndikhoza kukukonzerani kuno komwe kuli Wi-Fi, ndikupatsireni munthu wobwera kumeneko. Mukailowetsa fulashiyo, mumayatsa laputopu n'kumadina batani losankhira poyambira. Pa HP ndi F9, pa Dell ndi F12, Lenovo zambiri ndi F12 yomweyo. Mukatero mumasankha fulashiyo, zinazo imakutsogolerani yokha.

Magetsi, amalume. Paja munanena kuti batire linafa, mukazula chaja imazima pomwepo. Ndiye ntchito imeneyi musaiyambe tsiku limene magetsi akuthimathima. Akathima ili pakati poika Windows, imatsala yopanda chakale, yopandanso chatsopano, n'kuyambiranso pachiyambi. Ngati pali wina pafupi amene ali ndi sola ndi inveta, kagwirireni kumeneko.

Poika Windows ikakufunsani product key, kiyi wa chilolezo chake, musade nkhawa. Ngati laputopuyo inabwera ndi Windows yovomerezeka, chilolezo chake chinamangirizidwa ku makinawo. Mumadina I don't have a product key, ikalumikizidwa pa intaneti imadzizindikira yokha. Chachikulu n'kusankha mtundu womwewo: inali Home, ikani Home, inali Pro, ikani Pro. Apa ndipemphe chinthu chimodzi. Munthu akakuuzani kuti azimitse kaye Defender, mlonda wa Windows woteteza ku mavayirasi, kuti aike kapulogalamu kotsegulira Windows kapena Office, mukane. Timapulogalamu timeneto n'timene timalowetsa akuba m'kompyuta, ndipo pa laputopu imeneyi pamalowa imelo yanu, pamakhala maina ndi ndalama za amayi a banki mkhonde. Word ndi Excel zikachoka, ndipo zichokadi, pali LibreOffice, yaulere, imatsegula mafayilo omwewo. Azakhali maonekedwe ake adzawasokoneza pang'ono masiku oyamba, koma mizere ndi masamu awo adzazipeza mmene anazisiyira.

Windows ikamaliza kulowa, mwina mupeza Wi-Fi sikuoneka kapena mawu sakutuluka. Sinawonongeke ayi, ndi ma driver, timapulogalamu toyendetsa zipangizo za m'kompyuta, amene sanalowe. Lumikizani foni ndi chingwe, muyatse USB tethering pa foniyo, kompyuta ipeza intaneti kudzera pamenepo, Windows Update itsitsa zotsalazo. Printer yanu ija nayonso idzafuna kuikidwanso.

Eya, pali inanso yofunika muidziwe musanawononge ndalama. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Sikuti imazima ayi, imayaka bwinobwino, koma zigamba zotsekera mabowo a chitetezo sizibweranso mwa nthawi zonse ngati kale. Windows 11 nayo imasankha makina. Imafuna RAM ya 4GB kupita m'mwamba, malo a 64GB, kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira m'badwo wa 8. Malaputopu ambiri a kaunjika amene tili nawo kwathu kuno ndi akale kuposa pamenepo. Alipo amene amaikakamiza kulowa, imalowadi, koma Microsoft yomwe imanena kuti makina otero sakuwalonjeza zigamba. Ngati yanu siyikwanira, ndipo ntchito yake ndi makalata, kaundula ndi intaneti basi, ine ndingakuikireni Linux Mint m'malo mwa Windows. Ndi yaulere, siyifuna kiyi, imapepuka pa makina okalamba, ndipo tikhoza kuiyesa ili pa fulashi pomwepo osakhudza disiki, muione kaye ngati mukugwirizana nayo.

Ndiye madzulo ano msuweni anditumizire zithunzi zitatu: chomata cha pansi pa laputopu pamene alemba modelo, tsamba la Task Manager lija pa Disk, ndi Settings, System, About, pamene pakuoneka purosesa ndi mtundu wa Windows. Anditumizire kumbali, asaike pagulu. Ndikaziona ndikuuzani kuti tigule SSD kapena tingopanga Reset. Pakadali pano ana asaiyatse kuonera mafilimu, disikiyo ipume, iyake pokopa mafayilo pokha, ndipo muyambe ndi kaundula wa azakhali, zithunzi pambuyo. Apatseni moni azakhali, muwauze kuti Loweruka ndiimba, tidzapangira limodzi pa foni.